Luso la Manja Lokha Silikwanira

Taganizirani za atelala awiri amene adakhazika makina awo pa khonde limodzi la sitolo pa Ntaja. Onse awiri adapuwala miyendo ndi poliyo akali ana, motero amasoka ndi makina opukusa ndi dzanja. Onse awiri adaphunzira kwa mmisiri mmodzi, ndipo mutaika malaya awo pamodzi simungadziwe kuti awa adasoka ndi uyu, awo adasoka ndi uyo. Koma sukulu zikatsala pang'ono kutsegulidwa, kapena chikondwerero cha Eid chikayandikira, kwa telala woyamba nsalu zimachita kuunjikana, pamene mnzake uja amaswera manja ali lende.

Kodi chawasiyanitsa anthu awiriwa nchiyani? Woyambayo amalonjera aliyense wofika, m'Chiyao kapena m'Chichewa monga mlendoyo wayambira. Amalemba miyeso m'kabuku, amanena mtengo asanadule nsalu, ndipo akati "mubwere Lachisanu," Lachisanulo chovala chimapezeka chitatha. Wachiwiriyo amayankha atazolika, amaopa kutchula mtengo, ndalama zolipiriratu amadya asanagule ndi ulusi womwe, ndipo wina akamuonetsa pamene walakwitsa, amapsa mtima kapena amangoti chete.

Telala wachiwiriyu si waulesi ndipo si woipa mtima. Adaphunzitsidwa kusoka, koma sadaphunzitsidwe kukhala ndi anthu. Pamene anzake ankatumidwa kumsika ndi kuchigayo, iye ankasiyidwa kuseri kwa nyumba. Mwezi uno tikambirana za luso limene iye adamanidwa: luso la kakhalidwe pa ntchito. Luso limeneli munthu sabadwa nalo. Limachita kuphunzitsidwa, ndipo aphunzitsi ake oyamba ndi inu amene mukuwerenga nkhaniyi.

NKHANIYI NJA TONSE

Kalembera wa anthu wa mu 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo, oposa 10 pang'ono ali ndi ulumali wa mtundu wina: kuvutika kuona, kumva, kuyenda, kulankhula kapena kuphunzira. Kalembera yemweyo adawerenga anthu achialubino 134,636 m'dziko muno. Izi zitanthauza kuti mudzi wa anthu 200 ungakhale ndi anthu aulumali pafupifupi 20.

Ena mwa iwo adabadwa nawo ulumaliwo. Ena adaupeza chifukwa cha malungo aakulu a m'mutu, khate, ng'ala, kuthamanga kwa magazi, kapena ngozi ya njinga yamoto pa msewu. Akuluakulu adanena kuti lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Amene akuyenda bwino lero sadziwa za mawa. Nchifukwa chake nkhani ya ntchito za anthu aulumali ikukhudza banja lililonse.

ZIMENE ZIDACHITIKA KALE

Ntchito yophunzitsa anthu aulumali siyachilendo m'Malawi. Lamulo la mu 1971 lidakhazikitsa bungwe la MACOHA, limene lidayendetsa sukulu za ntchito zamanja ku Magomero m'boma la Chiradzulu ndi ku Lilongwe, komanso fakitale yoomba nsalu ku Bangwe mu mzinda wa Blantyre. Mu 1979 kudayambika bungwe la MAP, lothandiza amene adapuwala ndi poliyo kuti apeze ndodo, nsapato ndi njinga zoyendera.

Pambuyo pake kudaoneka kuti sukulu zochepazi sizingafikire aliyense, ndipo kudayambika njira yothandizira anthu aulumali m'midzi mwawo momwe. Machinga ndi Balaka, boma limene lidapatulidwa ku Machinga mu 1998, adali ena mwa maboma amene MACOHA idagwiramo ntchito imeneyi mothandizidwa ndi bungwe la anthu aulumali la ku Norway. Nalo bungwe la Sue Ryder, lokhala ku Balaka, lidadziwika ndi kuyendera midzi ndi mankhwala a khunyu ndi mphumu.

Malamulo nawo adasintha. Lamulo la za ntchito la mu 2000 limaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa cha ulumali. Mu 2009 dziko lino lidavomereza pangano la United Nations loteteza ufulu wa anthu aulumali. Mu 2024 lamulo latsopano lidalowa m'malo mwa malamulo a mu 1971 ndi 2012, ndipo MACOHA idasanduka MACODA.

Komabe ambiri a ife tidaonapo mnyamata kapena mtsikana amene adabwera kumaphunziro ndi satifiketi ndi zipangizo zatsopano, koma chaka chisanathe makina ali pa ngodya ya nyumba kapena agulitsidwa. Zifukwa zake nzambiri: kusowa mpamba, tsankho la anthu, misewu ndi nyumba zovuta kufikamo. Koma chifukwa china chimene sichitchulidwa kawirikawiri nchakuti wophunzirayo adapatsidwa luso limodzi pamene ntchito imafuna awiri.

MALUSO AWIRI

Luso loyamba ndi la manja: kusoka, kupala matabwa, kukhoma ndowa, kukonza njinga kapena lamya za m'manja, kuluka mikeka, kuweta nkhuku. Luso lachiwiri ndi la kakhalidwe: momwe munthu amalankhulira ndi anthu, amasungira nthawi, amagwirira ndalama ndi momwe amachitira zinthu zikavuta. Luso loyamba limapezetsa munthu ntchito tsiku loyamba. Lachiwiri limachititsa kuti wogula abwerenso tsiku lina ndi mnzake.

Munthu aliyense amafunika maluso onse awiri. Koma kwa munthu waulumali luso lachiwirili nlofunika koposa, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ana ambiri aulumali amakula osatumidwa, osapita kusukulu ndi osacheza ndi alendo, motero amaphonya maphunziro amene ana ena amatola osadziwa nkomwe. Chachiwiri, anthu ambiri akaona munthu waulumali amayamba ndi kukayika. Iye amayenera kuchotsa chikayikocho asanayambe ndi ntchito yomwe. Si chilungamo, koma ndi mmene zinthu zilili, ndipo nkwabwino kumukonzekeretsa. Nazi mbali zisanu ndi imodzi za luso limeneli.

1. Kudzidalira ndi kulankhula momveka. Munthu adziwe kulonjera, kutchula dzina lake ndi kunena ntchito imene amaidziwa, nkhope itayang'ana amene akulankhula naye. Afike atasamba ndi atavala zochapa, ngakhale zikhale zakale. Wosamva kapena wosalankhula angachite zomwezi ndi chinenero chamanja, kapena ndi kabuku ndi cholembera, kapenanso poonetsa ntchito imene adaigwira kale. Chofunika nchakuti adzilankhulire yekha. Womperekeza asamuyankhire mafunso onse ngati mwiniwake palibe.

2. Kumvetsera ndi kufunsa. Ntchito zambiri zimaonongeka chifukwa mmisiri adavomera asanamvetse. Safunsa adadya phula. Phunzitsani wophunzira kubwereza zimene wauzidwa: "Mwati chitseko chimodzi ndi mawindo awiri, zithe pa 20 mwezi uno?" Amene samva bwino asachite manyazi kupempha kuti wolankhulayo amuyang'ane ndi kubwereza pang'onopang'ono.

3. Kusunga nthawi ndi pangano. Woyenda ndi ndodo kapena pa njinga amatenga nthawi yaitali pa njira, makamaka m'dzinja pamene njira za kumbali kwa nyanja ya Chilwa ndi Chiuta zadzala matope. Iye aziwerengeratu nthawi imeneyi ndi kulawirira. Asalonjeze tsiku limene akudziwa kuti sangakwanitse. Kunena kuti "ndimaliza pakatha masabata awiri" ndi kukwanitsadi kumaposa kunena kuti "mawa" kasanu. Zikavuta, atumize uthenga tsikulo lisanafike.

4. Kusamala ndalama. Ndalama zonse zolowa si phindu. Tiyerekeze kuti telala walandira K5,000 pa diresi limodzi. Ngati ulusi, zipi ndi mabatani zadya K1,500, khonde la sitolo K500, ndipo wapatula K500 yodzakonzera makina, zake zenizeni ndi K2,500 basi. Azilemba zolowa, zotuluka ndi ngongole tsiku lililonse. Wosaona angasunge ndalama za mitundu yosiyana m'matumba osiyana, ndipo asauze munthu wamba nambala yachinsinsi ya ndalama za pa lamya. Aphunzirenso kukana mwaulemu abale ofuna kusoketsa ulere, pakuti malonda ambiri amagwa ndi ngongole za pachibale.

5. Kuugwira mtima ndi kulandira chidzudzulo. Wakutsina khutu ndi mnansi. Wogula akanena kuti mpando ukugwedera, sakunyoza ulumali wa kalipentala. Akunena za mpando. Wophunzira azindikire kusiyana kwa chidzudzulo ndi chipongwe. Chidzudzulo achilandire ndi kukonza cholakwacho. Chipongwe, monga kuitanidwa ndi maina onyoza, sayenera kuchipirira mwakachetechete. Ayankhe modekha kuti ali ndi dzina lake, ndipo zikapitirira akanene kwa mwini ntchito, kwa apampando a msika, kwa amfumu kapena ku ofesi ya za ntchito.

6. Kufotokoza za ulumali wake ndi kupempha zofunika. Ili ndi luso limene anthu ena salifuna, koma kwa munthu waulumali ndi lalikulu. Wolemba ntchito nthawi zambiri amakhala ndi mafunso amene akuopa kufunsa. Wofuna ntchito amuthandize ndi mawu ochepa ndi oona: "Sindingayimirire tsiku lonse, koma mukandipatsa mpando ndigulitsa bwinobwino." Kapena: "Maso anga saona zilembo zing'onozing'ono, mukalemba zazikulu ndiwerenga." Ayambe ndi zimene angathe, kenaka anene chimene akufuna. Kumeneku si kupemphetsa ayi, koma kukonza njira yoti ntchito iyende.

LUSOLI LIPHUNZITSIDWE KUTI?

Pakhomo. Kuongola mtengo mpoyamba. Makolo, chikondi chobisa mwana m'nyumba ndi kumuchitira chilichonse chimamupweteka akadzakula. Mpatseni ntchito yolingana ndi mphamvu zake: kutsuka mbale, kutongola chimanga, kudyetsa nkhuku, kusenda nandolo. Mtumeni kukagula mchere ndi sopo, ndipo akabwera awerengere yekha chenji. Alendo akafika, muitaneni adzapereke moni. Akalakwa, mdzudzuleni monga muchitira ndi ana enawo. Akachita bwino, muyamikeni. Koposa zonse, mtumizeni kusukulu ndipo kambiranani ndi aphunzitsi za malo oyenera kukhala m'kalasi. Kwa mwana wachialubino, chitetezo nchofunika, pakuti boma la Machinga lidali limodzi mwa maboma amene adaona nkhanza zoopsa zochitira anthu achialubino kuyambira mu 2014. Koma yankho lake ndi kumuperekeza ndi kumuyendetsa pagulu, osati kumutsekera m'nyumba.

Kumpingo ndi kumzikiti. Kumeneku ndi kumene achinyamata amaphunzira kuyimirira pamaso pa anthu. Wachinyamata waulumali apatsidwe mpata wolengeza, kuyimba, kuwerenga kapena kusunga kaundula wa gulu.

M'magulu. Gulu la anthu aulumali kapena la banki mkhonde ndi sukulu yabwino ya luso limeneli, chifukwa muli nthawi yoyambira, malamulo, maudindo ndi ndalama zowerengera. Njira yophunzitsira yosafuna ndalama ndi sewero. Mmodzi akhale wogula wovuta, wina akhale mmisiri, otsalawo aonerere. Sewero likatha, afunsane: wachita bwino pati, ndipo akadanena chiyani? Sabata ina ayeseze kufunsira ntchito pa sitolo ya ku Liwonde, sabata ina kulonjerera ngongole, sabata ina kupepesa ntchito ikachedwa. Munthu amene wayeseza kakhumi pakati pa anzake sanjenjemera tsiku lenileni likafika.

Kwa mmisiri. Achinyamata ambiri a ku Balaka, Ulongwe, Phalula, Nsanama ndi Nayuchi amaphunzira ntchito kwa amisiri a pamsika. Inu amisiri, musamusiye wophunzira waulumali mkati kuti azingogwira ntchito inu mukulankhula ndi ogula. Mlekeni alandire wogula, atchule mtengo, alembe lisiti, inu muli pambali. Amene akufuna maphunziro a satifiketi afunse za sukulu zovomerezedwa ndi TEVETA, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1999.

Kuchipatala. Ngakhale pano pamene mwakhala kudikira adokotala pali phunziro. Kusunga tsiku lobwereranso, kusamala buku la kuchipatala ndi kufotokoza bwino pamene pakupweteka, zonsezi ndi luso lomwe lija. Mukabwera ndi wachinyamata waulumali, mlekeni afotokoze yekha, inu mungoonjezera zimene waiwala.

THANZI NDI NTCHITO ZIMAYENDERA LIMODZI

Palibe angasunge pangano ngati thupi likumugwetsa kawirikawiri. Motero kudzisamalira ndi mbali ya luso la pa ntchito.

Wodwala khunyu azimwa mankhwala tsiku lililonse, ngakhale atatha miyezi osagwa, ndipo azikatenga ena akale asanathe. Apewe ntchito za pamoto, za pamwamba pa denga ndi zopita yekha pa madzi monga usodzi wa mu Shire kapena ku Malombe. Auze mnzake mmodzi wa pa ntchito chochita akagwa: kuchotsa zinthu zomwe zingamuvulaze, kumugoneka chammbali kugwedezeka kukatha, ndi kusamuika kanthu kalikonse m'kamwa. Khunyu sapatsirana.

Wachialubino asankhe ntchito ya pamthunzi. Dzuwa la ku Balaka ndi Liwonde, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, limatentha khungu ndipo lingayambitse khansa. Avale chipewa cha khonde lalikulu ndi malaya a manja aatali, adzole mafuta oteteza ku dzuwa amene amaperekedwa ulere m'zipatala za Boma, ndipo chilonda chilichonse chosapola akachionetse msanga.

Amene adadwala khate, matenda amene anthu a ku Utale akuwadziwa bwino chifukwa cha malo osamalira odwala amene amishoni adakhazikitsa kumeneko, aziyang'ana manja ndi mapazi madzulo aliwonse, pakuti ziwalo zadzanzi zimapsa kapena kutemeka mwiniwake osamva. Khate limachizika ndi mankhwala aulere a miyezi 6 kapena 12, ndipo amene walandira mankhwalawa sapatsiranso anzake.

Wokhala pa njinga tsiku lonse azisuntha thupi pafupipafupi ndi kukhalira khushoni yofewa, kuopa zilonda za pamatako zimene zingamugoneke miyezi yambiri.

MAWU KWA OLEMBA NTCHITO NDI OGULA

Tisanamizane kuti vuto lonse lili kwa munthu waulumali. Angaphunzire kulankhula bwino, kusunga nthawi ndi kuwerengera ndalama, koma ngati pakhomo la sitolo pali masitepe okhaokha, kapena ngati bwana watseka kale mtima wake, luso lakelo lilowera pati? Mutu umodzi susenza denga. Eni masitolo, zigayo, malo ogona alendo ndi maofesi nawonso ali ndi luso loti aphunzire.

Lankhulani ndi munthuyo mwiniwake, osati ndi womperekeza. Muitaneni ndi dzina lake. Musanamukane, mpatseni sabata imodzi kapena ziwiri kuti aonetse ntchito yake. Mfunseni chimene akufuna kuti agwire bwino. Kawirikawiri chimakhala chotsika mtengo, monga mpando, thabwa lokwerera pakhomo, zilembo zazikulu kapena tsiku limodzi pa mwezi lopita kuchipatala. Mlipireni mofanana ndi anzake ogwira ntchito yomweyo. Ndipo akalakwa, muuzeni. Kumusiya osamudzudzula pomumvera chisoni, kenaka nkumuchotsa mwadzidzidzi, si chifundo.

Dziko lino laona kale zimene anthu aulumali angachite akapatsidwa mpata. Allan Namoko wa ku Thyolo adali wosaona, koma nyimbo zake zidamveka dziko lonse. Mayi Rachel Kachaje, amene adapuwala ndi poliyo akali mwana, adasankhidwa kukhala nduna ya Boma mu 2013. Mu 2021 a Overstone Kondowe adapambana chisankho ku Nkhotakota ndi kukhala phungu woyamba wachialubino m'Nyumba ya Malamulo. Anthu amenewa adadziwa kuyimirira pamaso pa anthu ndi kudzilankhulira. Si aliyense adzakhale nduna kapena phungu, koma aliyense angathe kukhala mmisiri amene mudzi umamukhulupirira.

ZOYENERA KUCHITA MWEZI UNO

Makolo: sankhani ntchito imodzi ya pakhomo imene idzakhale ya mwana wanu waulumali tsiku lililonse, ndipo sabata ino mtumeni kukagula kanthu, yekha kapena ndi mbale wake.

Achinyamata ndi akulu aulumali: gulani kabuku kolembamo maoda, masiku ndi ndalama. Konzani mawu atatu kapena anayi ofotokoza ntchito imene mumaidziwa ndi chithandizo chimene mumafuna, ndipo muwayeseze pamaso pa mnzanu.

Atsogoleri a magulu: patulani mphindi 30 pa msonkhano uliwonse kuti muchite sewero limodzi la za pa ntchito.

Amisiri ndi eni malonda: landirani wophunzira mmodzi waulumali, ndipo mumphunzitse za ogula pamodzi ndi za zipangizo.

Ofuna kudziwa zambiri afunse mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo, kapena apite ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya m'boma lawo, kumene angawalozere kwa a MACODA ndi ku magulu a pansi pa FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali. Ofuna ndodo, mafuta a khungu kapena mankhwala a khunyu ayambire pa chipatala chapafupi, chimene chidzawatumiza ku chipatala chachikulu ku Liwonde kapena ku Balaka ngati nkofunika.

Mukatha kuwerenga nkhaniyi musaisunge m'thumba. Kaiwerengereni mnzanu wosaona kapena wosadziwa kuwerenga, ndipo mukambirane naye chimene angayambe mawa m'mawa.